Chitseko cha Mayi Mbaliwali

Anamfedwa nonse, ndaima m'malo mwa banja, ine mlongo wamng'ono wa malemu.

Malemu anabadwa pa 3 Malichi 1974, achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu analekezera sitandade 8, bambo athu atamwalira.

Mu 1993 anakwatiwa ndi bambo wina wowotcherera zitsulo. Ntchitoyi anaiphunzira powagwirira zitsulo alamu athuwo, komanso pomaliza maoda a anthu bambowo akagona ndi mowa. Malipiro awo anali zibakera. Mu 1999 bambowo anawaswa nsagwada ndi mpini wa nyundo chifukwa kasitomala anayamikira geti limene mkazi anawotcherera. Ambiri munkadziwa kuti achemwali ankaseka chotseka pakamwa. Sanali manyazi ayi, mano anayi anatsala pansi m'shedi ya alamu athuwo.

Mu 2001 anachoka ndi ana awiri, ndipo mu 2003 anatsegula shedi yawoyawo ndi makina obwereka. Amuna ankabwera kudzaonerera ngati kwagwa ndege. Dzina la Mayi Mbaliwali linachokera pamenepo, poti nsalu zawo zonse zinali zibowo zokhazokha za moto. Amene ankaseka aja ndi omwe lero akugona kuseri kwa mageti awo.

Pofika 2020 anali atalemba ntchito amayi khumi ndi mmodzi, ambiri othawa nkhonya kunyumba. Ankapanga mabedi a m'zipatala, mawindo a masukulu ndi mawilibala, msonkho n'kumakhoma osabisala. Mayi aliyense akapeza kachipinda kake, malemu ankamupangira chitseko chachitsulo, mpiringidzo n'kuuika mkati. Ankati mkazi wogona tulo ndiye amawotcherera mowongoka.

Pa 14 Juni chaka chino, dzuwa lili paliwombo, mwamuna wa mmodzi mwa amayiwo analowa m'shedi atanyamula paipi, akufuna mkazi wake. Anamukoka tsitsi mpaka pakhomo. Malemu anamulanda mayiyo, n'kumukankhira m'chipinda chosungira zipangizo, n'kumuuza kuti atseke ndipo asatsegule ngakhale amve zotani. Iwo anatsala kunja kutchinga pakhomo, ndipo chitseko chimenechinso mpiringidzo wake ndi wamkati.

Munthuyo anamenya chitseko mpaka paipi inapindika, chitseko osagwedezeka. Ndiye anatembenukira kwa achemwali. Anawathyola mkono umene anatchinga nawo, anawamenya m'nthiti, atagwa n'kuwamenyanso m'mutu. Magazi anayenderera mpaka pansi pa makina. Amayi anzawo ndiwo anamugwetsa ndi kumumanga ndi waya, abambo a m'mashopu oyandikana ataima poteropo manja ali m'thumba. Ena muli pompano. Sindikutchulani, koma mtima wanga ukuwawa, ndipo sindibisa.

Malemu anatisiya pa 18 Juni kuchipatala, osatsegulanso maso.

Asiya ana awiri, zidzukulu zitatu, mayi athu okalamba ndi ife alongo awiri otsala. Asiyanso mayi uja, amene wakhala apoyo pafupi ndi bokosi, wamoyo, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Tikuthokoza anamwino amene anayesetsa, oyendetsa lole amene anawanyamula osafunsa za mafuta, ndi amayi a m'shedi amene awotcherera okha zogwirira za bokosili. Amayiwa akuti Lolemba shedi itsegulidwa, ndipo chitseko chija sachiwongola. Odzagula geti azidzayamba aona mabala ake.

Achemwali, munatsekera anzanu, inu n'kutsala panja. Gonani tsopano, palibenso wokugogodani. Mzimu wanu uuse mumtendere.