Fani Yodwala Loweruka

Pakampani ina yosunga katundu wozizira pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, a Justus, mkulu wa mpingo, ndiwo analemba kalekale pulogalamu ya mkatikati mwa kompyuta, imene imakuwa chipangizo chikawonongeka. Bwana atauza Vitu, mnyamata watsopano pantchitopo, kuti aisese, a Justus anayamba kuonda, poti munali kamzere kamene kankawatumizira uthenga wabodza woti fani yoziziritsa kompyuta yafa Loweruka lililonse, iwo n'kuonetsa mayi kunyumba, n'kuthamangira kwa chibwenzi chawo Jenny ku Lirangwe.

"Madala, ndamaliza," anatero Vitu. "Munali njira zambirimbiri zonenera vuto, diski yakeyake, fani yakeyake. Pano zonse zikutulukira khomo limodzi."

"Wachita bwino. Koma ya fani usakhudze."

"Ndi imene ndinayambira."

A Justus anatula kapu ya tiyi.

"Iwe! Pulogalamu imeneyo ndinailemba iwe ukadali pa bere."

"Eya, koma imanama. Imati fani yafa Loweruka lililonse. Ndinatsegula, fani ili bwinobwino."

"Fani ili ngati munthu, mphwanga. Kumapeto kwa sabata imatopa."

Vitu anagwedeza mutu mwaulemu.

"Nanenso ndinaganiza choncho, ndiye ndinaika yatsopano. Nayonso akuti inafa Loweruka."

"Ndi mtundu wake."

"Ndinaika ya mtundu wina."

"Aaa, ndi fumbi la ndege!"

"Loweruka lokha, madala? Nanga ndege za Lolemba zilibe fumbi?"

A Justus anasuzumira pakhomo, n'kutsitsa mawu.

"Tamvera. Pali zinthu zina akulu akaika, ana safunsa. Bwezeretsa."

"Sindinafunse, ndinafuna kuphunzira. Loweruka lapitali ndinakhala pano tsiku lonse kuti ndione mmene mumaikonzera. Simunabwere."

"Ndimakonzera patali."

"Patali kuti?"

"Cha ku Lirangwe. Netiweki ya kumeneko ndi yamphamvu."

"Ooo! Ndiye sabata ino tipitire limodzi."

"Ayi! Pamalopo ndi pothina."

"Ndiima panja."

"Kuli galu."

Thukuta la a Justus linali litafika m'kolala. Vitu anakanda m'mutu.

"Chinandivuta n'choti uthengawo sulembedwa paliponse, umangopita pafoni yanu. Ndiye ndinapita kwanu kukafunsa nthawi imene umafika."

"Kwathu? Unalankhula ndi ndani?"

"Ndi mayi. Anandipatsa thobwa."

"Unawauza chiyani?"

"Zoona zokhazokha. Kuti fani siinafepo chiiikireni, kuti kuntchito Loweruka simubwera, ndipo kuti ndachotsa kamzereko. Ndinati, mayi, sangalalani, kuyambira pano bambo azikhala pakhomo."

A Justus anakhala pansi. Anaona kale akulu a mpingo atazungulira tebulo, dzina lawo likuwerengedwa pagome, katundu wawo ali panja pa mvula.

"Wandipha, mwana iwe. Analira?"

"Ayi."

"Anatukwana?"

"Ayi, koma anakhumudwa kwambiri. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu, poti mwini kamzereko ndinu. Ine sindidziwa kulemba za bodza."

"Akufuna chiyani? Ndichoke?"

Vitu anatulutsa laputopu, n'kuitsegula pamaso pawo.

"Akuti mukabwezeretse msanga. Ndipo akuti ngati n'kotheka, faniyo izifanso Lachitatu."