Anandithyola mkono maikolofoni ili yotsegula

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukupezeni kulikonse kumene mukuwerengera izi. Ndine Stefano, wa pakomboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Trelawney, kuno ku Zimbabwe. Amene mumandidziwa mwaona kuti mkono wanga wamanja suwongoka. Lero ndikuuzani amene anauthyola, chimene anauthyolera, ndi mmene Mulungu anatisiyira denga tsiku limene linayenera kupsa.

Agogo anga anachokera ku Dedza wapansi, ndipo anagona m'manda kuseri kwa mabalani a fodya. Ife kumudzi kobwerera kulibe. Pulazi itagawidwa, nyumba yathu inagwera m'puloti ya bambo wina wachishona, ndipo tikukhalamo chifukwa iye walola, basi. Atati mawa tichoke, ine ndi amayi tilibe kolowera.

Masana ndinkagwira maricho, ndiye kuti ganyu, m'minda ya anthu, koma mtima wanga unali pa kompyuta yakale imene ndinaikonza ndekha n'kuisandutsa seva. Seva ndi makina onyamula masewera kuti anthu ambiri azisewera limodzi pa mafoni awo, wina ali ku Selous, wina m'kombi kupita ku Harare. Athu anali masewera ankhondo, omenyana m'magulu. Musaganize kuti ndi zophweka, iyayi! Magetsi akazima anthu onse ankagwa nthawi imodzi, foni yanga n'kudzaza zotukwana. Batire ya sola inkafooka kukachita mitambo. Fumbi la fodya linkatseka fani, makina n'kutentha ngati ayironi, ine mwana wa eni n'kumawakupiza ndi chivundikiro cha ndowa. Netiweki ikakakamira, munthu ankaombera mdani amene wachoka kale pamalopo, ndiye wolakwa ndine. Amayi ankangopukusa mutu: “Stefano, kabokosi kakoka kadzatiitanira zinthu.”

Koma vuto lenileni silinali makina, linali anthu. Panali wosewera wina wodzitcha Njiva, amene sankalankhula ngakhale pang'ono. Kusewera kwake, mayo ine, kunali komvetsa chisoni. Ankafa woyamba masewera alionse, ndipo anyamata ankamutukwanira makolo, kundikakamiza kuti ndimuchotse. Ine ndinakana. Ndinkatseka pakamwa otukwanawo, Njiva n'kumuika m'gulu langa ngakhale tinkagonja naye daily. Sindinkamudziwa kuti ndi ndani, ndinkangoona kuti munthu wobwera tsiku ndi tsiku kudzagonja ndiye kuti alibe kwina kopita.

Panalinso Tinashe, mwana wa mwini puloti uja. Iye anaika pulogalamu yakuba m'foni mwake, yomuonetsa adani kuseri kwa khoma. Anthu anayamba kuthawa seva yanga. Ndinamuchenjeza mwaulemu, iye n'kundiyankha kuti mubwidi, mwana wa obwera, sangamuuze zochita pa nthaka ya bambo ake. Magazi anga anawira. Ndinamutsekera kunja osewera onse akuona.

Linali Lamlungu masana, titangobwera kutchalitchi. Ndinali nditavala mahedifoni, maikolofoni yotsegula, ndikuyendetsa masewera. Chitseko chinagwa ndi mwendo umodzi. Tinashe analowa ndi anzake awiri, aliyense mpini wa khasu m'manja. Woyamba unandipeza kukhutu, mahedifoni n'kugwera pamphasa. Anandikokera panja ndi miyendo, mutu ukugunda pakhomo. Anandiponda m'nthiti mpaka mpweya unandithera, ndipo nditatchinga nkhope ndi mkono, ndinamva fupa likuti phwa! Amayi atandigwera pamwamba kuti anditchinge, mmodzi anawakankha, nkhalamba n'kukagwera pa mulu wa nkhuni, pakamwa pali magazi. Anthu apakomboni anaima patali manja ali m'khosi. Sindiwada, nawonso nyumba zawo zili pa nthaka yomweyo.

Kenaka ndinamva fungo la petulo. Tinashe ankathira pa udzu wa denga ndi pakhoma, akukuwa kuti kabokosiko kapsere limodzi ndi nyumba, ife tibwerere kwathu ku Malawi. Kwathu kuti? Abale, pamenepo ndinataya mtima. M'maganizo ndinaona amayi akugona m'mphepete mwa msewu chifukwa cha masewera anga, ndipo ndinalakalaka andimalize. Pemphero langa silinali lokongola. Pakamwa pali dothi ndinangoti, “Yesu, ine andiphe, koma nyumba ya amayi ayi.” Amayinso anali atagwada, akufuula kwa Chauta m'Chinyanja chakale cha agogo.

Ndiye ndinayamba kumva pemphero la amayi kawiri. Linkatuluka pakamwa pawo, n'kumvekanso kuchokera kumunda. Ndinaganiza kuti mutu wanga wasokonekera. Nditatembenuka, ndinaona mayi wachikulire akudutsa m'mizere ya fodya, akukoka mwendo umodzi, wopanda nsapato, foni ili m'manja ikulira mawu a amayi anga. Mahedifoni aja anali akadali amoyo pamphasa. Osewera onse anamva kumenyedwa kwanga, koma amene ananyamuka anali mmodzi.

Anali tete wake wa Tinashe, mlongo wa bambo ake, amene anabwerera kwa mchimwene wake atafa ziwalo mbali imodzi. Kwa Ashona tete ndi bambo wachikazi. Ndiye amanyamula nkhani ya ukwati wako, ndipo ukamukwezera dzanja palibe m'banja amene angakuimire. Mayiyo sanakuwe. Anafika n'kukhala pansi pakhomo penipeni, pa dothi lonyowa ndi petulo, zovala zake n'kunyowanso. Anayang'ana Tinashe amene anali ndi machesi m'manja.

“Pisa,” anatero. “Yatsa, mwana wa mchimwene wanga. Uyambe ndi ine.”

Tinashe anati, “Tete, chokanipo, izi simukuzidziwa.”

“Ndikuzidziwa. Iwe ndi amene unkanditukwanira amayi anga, agogo ako omwe, munthu uyu n'kumakutseka pakamwa. Njiva ndine.”

Machesi anagwa. Anzake aja anataya mipini n'kulowa m'fodya. Tete sanadzuke pamenepo mpaka mchimwene wake atabwera, ndipo anamuuza pamaso pa komboni yonse kuti tsiku limene banja ili lidzachotsedwe, iyenso adzatuluka nalo. Bamboyo anavula chipewa. Ananditengera kuchipatala pa thirakitala yake, ndipo mwana wake ndi amene anafolera denga lathu ndi udzu watsopano, tete atakhala pampando akumuyang'anira.

Fupa linalumikizika mokhota. Khasu sindiligwira ngati kale, ndipo kukazizira mkono umandiluma mpaka misozi. Sindinama kuti mkwiyo unatha, ndikamuona Tinashe mtima umagundabe, ndipo ndikupempha kuti mundipempherere pa chimenechi. Koma amayi akugona m'nyumba yawo, pafupi ndi manda a bambo awo. Seva ikuyenda, magetsi akuzimabe, anthu akunditukwanabe. Tete akusewera tsiku ndi tsiku, akufabe woyamba, koma tsopano amalankhula, ndipo palibe amene amayerekeza kuwayankha mwano.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la pakamwa podzaza dothi. Inu amene mwapanikizika lero, amene mukuona anthu ataima patali kukuonererani, musaleke kufuula kwa Iye. Musatayenso munthu chifukwa akuoneka wofooka. Pa anthu onse amene anamva kulira kwanga tsiku lija, amphamvu anatsala atagwira mafoni awo, ndipo Ambuye anatuma wokoka mwendo. Kutchalitchi akati tikweze manja, wanga wamanja umathera paphewa. Ndimaukweza pomwepo, ndipo ndikudziwa kuti Iye amauona. Ameni.