Chipewa cha Ukabo Padenga la Che Atumani

Chaka cha 1956, ku Namacula kunja kwa Vila Cabral, Che Atumani anali padenga akufolera nyumba pamene sipayo Venâncio, wapolisi wa a Shefe, mzungu wolamulira deralo, anafika atanyamula chipewa cha khaki ndi manja awiri ngati dzira. Aliyense ankadziwa kuti wovala chipewacho amakhala kabo, kapitawo wa boma m'mudzi, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kulemba amuna khumi opita ku chibalo cha msewu.

"Che Atumani, tsikani, mwayi wakugwerani!"

"Ugwere pomwepo. Ine ndili ndi udzu."

"A Shefe anena kuti: chipewachi usachiike pansi, usabwere nacho m'manja. Mutu umene chikhalepo, kabo ndi ameneyo."

"Mutu wanga uli ndi mwini wake kale," anatero Atumani, akusisita kofiya yake.

"Sananene zovula kofiya. Chikhala pamwamba pake."

"Iyayi!"

"Kabo sakhoma msonkho."

"Ndikhoma."

"Kabo amalandira nsapato za jombo."

"Mapazi anga sanadandaulepo."

"Ndi njinga. Ya belu."

Apa tisanamizane, mtima wa Che Atumani unadumpha. Njinga! Anadziona akutsetsereka ku Chimbonila mkanjo ukuuluka, belu likulira ngiri ngiri. Kenaka anakumbukira mlamu wake amene anabwera ku chibalo chifuwa chikulira ngati mvukuto.

"Belu limalira bwino?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kwambiri!"

"Kaimbireni amayi anu. Sindikufuna."

"Amayi ali ku Lione, ndipo a Shefe sanawatchule." Venâncio anapukuta thukuta ndi phewa. "Ndikabwerera nacho, mbalamatodya, thabwa lomenyera lija, indithera manja. Tsikani, chonde."

"Walayi sinditsika, ngakhale mvula ya matalala igwe."

"Ndiye ndikwera ine."

Anafika pa makwerero. Makwerero akufuna manja awiri, chipewa chikufunanso manja awiri. Anayang'ana pansi, n'kukumbukira lamulo. Anayesa kuchiluma, chinagwedeza dzino. Basi munthu wa Mulungu anachivundikira pamutu pake, kwekwere kwekwere mpaka padenga.

Atumani anaseka mpaka udzu unagwa.

"Takulandirani, a Kabo!"

"Kabo ali kuti?" Venâncio anacheuka.

"Mutu umene chikhalepo. Mawu a ndani amenewo?"

Venâncio anagwira pamutu, maso tong'o. "Mayo ine! Chakhala?"

"Chakhala, chakukwanani ngati munabadwa nacho."

"Ndimangodutsa nacho!"

"A Shefe ananena za kudutsa?"

"Sananene." Venâncio anabwereza mawu a lamulo lija chamumtima, milomo ikuyenda. Kenaka anawongola msana, n'kutulutsa pepala ndi lapisi yolembera m'thumba. "Ngati ndine kabo, ndikufuna amuna khumi. Woyamba amene ndikumuona ndi inu."

Kuseka kunathera pomwepo. Mantha anamugwira Atumani zenizeni. Chipewa chinali pompo, kungotambasula mkono, n'kukhala wolemba m'malo mokhala wolembedwa. Dzanja linanyamuka lokha, silinapemphe chilolezo. Analimenya ndi linzake, phaa!

"Udzudzu?" anafunsa Venâncio.

"Satana. Lembani, a Kabo. Ndikaswe miyala ndekha kusiyana n'kutumiza ana a eni khumi."

Venâncio ananyambita lapisi. Analitembenuza pepala, analitembenuzanso.

"Lembanitu!"

"Ndilembe bwanji? Ine lapisi ndimangonyamula. Mukuganiza a Shefe anakusankhirani nkhope? Wodziwa kulemba ndinu, mundilembere."

"Ndidzilembe ndekha?"

"Ndi anzanu asanu ndi anayi. Mwaukhondo."

"Sindilemba."

"Popanda mayina sindingabwerere!"

"Musabwerere."

"Nanga ndizitani padenga pano?"

Che Atumani anamuponyera mtolo wa udzu pamiyendo.

"Gwirani apa, a Kabo, ndimange. Chibalo cha chaka chino chili ndi munthu mmodzi, ndipo chayambira padenga langa."