Mwana wa Mlongo Wanga Anafuna Ndikaone Nyanja Nthawi Yobzala

Moni omvera. Ndine mlimi wa ku Bundabunda, ndipo nkhani yanga ndi yaifupi.

Mwana wa mlongo wanga amagulitsa mapuloti ku Silverest. Chaka chatha anabwera ndi foni, n'kundionetsa katauni kena ka m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Mozambiki.

"Amalume, muyendeko," anatero. "Kuli nsomba zikulu monga mbuzi. Madzi ake achiritsa miyendo. Mukwera boti, muona tizilumba twa mchenga woyera. Zonse nilipira ine."

Nyanja sindinaionepo, ndipo miyendo imandiwawadi. Mtima unafuna. Koma mvula inali pafupi, mbewu ili m'nyumba. Mwana wokulira pakhasu satumiza mlimi kukaona madzi nthawi yobzala. Ndinamufunsa chifukwa chake sitingadikire kukolola. Anangoyang'ana foni yake.

Ndinavomera, koma mumtima ndikumukayikira. Anandikweza basi ku Chongwe, koma ine ndinatsikira panjira n'kubwerera wapansi. Kumunda ndinamupeza ali ndi anthu awiri achilendo, akukoka tepi yoyezera malo, zikhomo atakhoma kale.

"Amalume, basi yafa?"

"Zula," ndinatero.

Anazula yekha zikhomo zonse, alendo aja akuyang'ana.

Munda ndinabzala. Mlongo wanga sandiyankhula mpaka lero, akuti ndinamuchititsa mwana manyazi pamaso pa anthu. Zimandipweteka, chifukwa mwanayo ndinamulera ndine bambo ake atamwalira.

Alimi anzanga, wachibale akakupatsani ulendo waulere, yambani mwafunsa amene atsale pamunda.