Chala Chimene Chidasiya Dzenje pa Mwendo Wanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundikhululukire ndikamaima pakati kuti ndipume, mpweya wanga ndi wochepa masiku ano.

Ambiri mumangondidziwa nkhope, ndine uja amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Makolo anga adamwalira ndili wamng'ono, adandilera ndi agogo konkuno ku Bangwe. Iwo ankati mwana wamasiye aziyamba wayang'ana anthu asanatsegule pakamwa. Ndayang'ana zaka zambiri, lero ndatsegula.

Abale, mowa sindiudziwa. Fodya sindimudziwa. Agogo adandizoloweza masamba, nyemba ndi kuyenda. Ku Limbe ndinkapita wapansi, kubwerako wapansi, dengu la tomato lili pamutu. Ndiye chaka chatha mpweya utayamba kundithera pa chitunda chathu chija, ndidati ndi kutopa. Mapazi adatupa, nsapato zidakana. Ndikagona chagada ndinkamva ngati ndikumira, ndiye ndinkangokhala tsonga, kumvetsera mtima ukuthamanga, kuima, kuthamanganso.

Kuchipatala adokotala adati ndi mtima. Adati zilonda zapakhosi zimene ndinkadwala ndili mwana zidawononga m'kati mwa mtima. Ndidafunsa kuti ndidalakwitsa pati, adati palibe. Palibe, abale anga. Yankho limenelo lidandisowetsa mtendere kuposa matendawo, chifukwa chikadakhalapo cholakwa, bwenzi nditachisiya. Adandipatsa mapiritsi, nkundiletsa mchere, katundu wolemera ndi kuvina.

Kuvina. Apa ndisankhe mawu bwino. Amayi mukudziwa kuti nyengo ikafika tonse timapita kubwalo kukayeserera magule a chipani, ndipo ndi ulemu. Ine ndidajomba. Ndidajombanso. Pampopi anthu adayamba kunong'ona kuti matenda a mtima ndi a mabwana a mimba ndi magalimoto, osati a kamkazi kowonda kogulitsa tomato, ameneyu ali ndi maganizo ena pa za chipani. Mukudziwa kumene mawu amenewo amamufikitsa munthu. Ine ndili ndi mwana mmodzi wamkazi, bambo ake adapita ku Joni osabwerako. Ndikavina, mtima. Ndikapanda kuvina, mukudziwa. Kulikonse kumene ndingalowere, mwana wanga asanduka ine, koma iye alibe agogo omulera.

Ndidapemphera, koma ndisaname m'nyumba ya Mulungu, mtendere sudabwere. Ndinkangozungulira m'nyumba, kusuzumira pawindo, kukhala pansi, kudzukanso. Galimoto ikaima pamsewu, mtima uja umagunda mpaka m'makutu.

Tsiku lina masana adafika amayi atcheya a chipani a dera lathu, okha. Mpando adaukana. Adandifunsa ngati ndakula kuposa amayi anzanga onse amene akupsa ndi dzuwa kubwalo. Ine kufotokoza sindidziwa. Ndidangokweza chitenje pang'ono, nkuwaonetsa mwendo.

Adayang'ana. Kenako adagwada, mayi wamkulu ngati uja, nkudinikiza chala chachikulu pamsongolo panga. Atachotsa, padatsala dzenje ngati pa ufa wokanda wa mandasi. Tonse awiri tidaliyang'ana dzenjelo, mnofu osabwerera m'malo mwake.

"Mwana wanga woyamba adatupa chonchi," adatero. "Tidati amulodza. Tidazungulira naye kwa asing'anga mpaka tidamuika m'manda."

Abale, mayi amene ndinkamuopa kuposa imfa adakhala pansi pamkeka wanga, nkufunsa kuti mapiritsi ndimamwa bwanji. Podzuka adati, "Iwe suvina. Koma kubwalo uzibwera, anthu azikuona. Uzikhala pansi pa mtengo, uzilera makanda a ovina."

Ndi ntchito yanga mpaka lero. Amayi ena muli muno mwandisiyirapo ana anu, ndikukuonani mukumwetulira. Zonong'ona zija zidathera pomwepo.

Sindidachire, musamve molakwa. Mapiritsi ndikumwabe, ndiwo zanga zilibe mchere, masiku ena ndimagonabe chokhala ndipo funso lija limabwerabe, loti chifukwa chiyani ine. Yankho sindinalipeze. Koma Mulungu adatenga chala chimene chikadandiloza, nkuchiika pa mwendo wanga. Mwana wanga uyo ali mu kwaya, ali ndi mayi.

Zikomo Ambuye, zikomo abusa. Tsopano inu amene mitima yanu ili bwino, imirirani, mundivinire. Ine ndiomba m'manja nditakhala pansi.