Tinawalanda Bambo Ntchito Yosankha Fodya

Ndiwerengereni nkhaniyi, ndine mayi wa kwa Chulu. Bambo anga anachira Kovidi, koma mutu wawo sunabwerere mwakale. Munthu amene ankadziwa giredi ya fodya pongokhudza tsamba anayamba kusakaniza labwino ndi lowola m'belo limodzi. Achimwene anawatulutsa m'chigafa chosankhiramo fodya: "Kakhaleni pansi, bambo, mukutiwonongera."

Kuyambira tsiku limenelo bambo anasiya kuyankhula, kudya n'kokakamiza. Ife tinkangoti ndi ukalamba.

Titapita nawo kuchipatala mochedwa, anati ndi matenda a maganizo otsalira a Kovidi. Anawapatsa mankhwala, natiuza kuti tiwabwezere kantchito kawo. Anzanga, musachedwe ngati ife. Lero akumwa mankhwalawo, ayambanso kudya, koma ndikawaikira fodya m'manja amangomutembenuza n'kundifunsa, "Mwananga, tsamba la chiyani ili?"