Mai Maness Sanasudzulidwe: Mbiri ya a Blasius Namakhwa

Lachiwiri m'mawa mai Anastasia ankapeta mpunga pakhonde pamene anthu anabwera kudzawauza kuti amuna awo agwa kumunda. Uthenga umenewo ndiwo watisonkhanitsa pano.

Malemu a Blasius Namakhwa anabadwa pa 9 Juni 1957 kwa Kalembo, m'boma la Balaka. Sukulu analekezera sitandade 7 mu 1972, bambo awo atamwalira mwadzidzidzi: anangodandaula msana masana, dzuwa lisanalowe anali atatisiya. Malemu anaphunzira ukalipentala, ndipo mu 1981 anadalitsa ukwati ndi mai Anastasia, nakhala pachikamwini kuno kwa Mposa. Mabenchi mwakhalirawa anakhoma ndi iwo.

Mu 2012 akulu awo, a Goliati, anapita monga anapitira bambo aja: msana, thukuta, basi. Akubanja tinaloza chala mkazi wawo, mai Maness, kuti anawadyetsa mankhwala. Malemu, pokhala mwini mbumba, anakana kuwasudzula, mwambo womasula wamasiye kuti ayambenso moyo wina. Zaka khumi ndi ziwiri mai Maness akhala omangika, osakwatiwanso, kuchitsime akutunga paokha.

Mu Okutobala 2023 malemu anamva chinthu chikugunda pamchombo ngati mtima wachiwiri. Kuchipatala anawaunika ndi makina, napeza kuti mtsempha waukulu wa magazi wa m'mimba watupa, tsiku lina ungaphulike. Adokotala atamva za imfa ya bambo awo ndi ya a Goliati, anafotokoza kuti kufooka kwa mtsemphawu kumatha kuyenda m'mtundu, makamaka kwa amuna, ndipo fodya amakulitsa vutolo. Opaleshoni sinatheke.

Anabwerera kumudzi. Fodya anasiya, ndipo ana awo aamuna anawauza kuti zaka zikamapita azikaunikidwa. Koma kukanena zimenezi kwa alamu awo aja, mai Maness, pakamwa panalemera. Anawapangira chitseko chatsopano nawatumizira osatchula dzina. Pokolola anawatumizira mpunga. Kawiri anakwera minibasi kuti akawaone, kawiri konse anatsikira panjira, pa Liwonde, nabwerera. Madzulo alionse ankawatchula m'pemphero. Ambuye anawaitana pa 14 Januwale 2025 mawuwo asanakafike.

Asiya mkazi, ana atatu, Raymond, Hilary ndi Tasha, ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza amfumu, amumpingo, adzukulu okumba manda, ndi a Bakari oyandikana nawo amene ananyamula malemu panjinga yamoto atagwa kumunda. Mzimu wa malemu ukause mumtendere wa Ambuye.

Atsala mawu amene malemu anasiyira mai Anastasia kuti anenedwe pagulu. Mai Maness, takuonani mwakhala kumbuyoko, pansi pa mtengo wa mango. Akubanja tagwirizana kuti mwambo wokusudzulani uchitika mawa. Inu simunaphe munthu, iyayi. Chimene chinatenga amuna anu chili m'magazi athu omwewa. Tinakulakwirani, mai. Tikhululukireni.